Kachitsulo ka m'loko wa mfuti yagogodela kakathyoka, yambani mwafufuza chimene chakathyola

Pa ntchito yonse yopanga mfuti yagogodela yachikale, ija yothira wonga ndi chipolopolo kudzera kukamwa kwa mpope, palibe gawo limene limandidyera nthawi ndi maganizo kuposa loko. Mpope umabwera wobooledwa kale, ndipo mtengo umene mpope ndi loko zimakhalamo, ngakhale uli ndi zovuta zake, umaonetsa poyera pamene tchizulo yapyola malire. Loko ndi wosiyana ndi zonsezi, chifukwa ndi kamakina koyatsira wonga, ka tizitsulo ting'onoting'ono timene timakankhana ndi mphamvu yaikulu m'kampata kochepa kwambiri, ndipo kamodzi kakathyoka, mtima umathamangira kuitanitsa kena katsopano kuti ntchito ipitirire. Maganizo anga ndi akuti kufulumira kumeneku n'kumene kumachititsa kuti kachitsulo kachiwiri kathyokerenso pamalo omwewo. Nthawi zambiri kachitsulo kothyokako sikakhala kolakwa. Cholakwika chimakhala mtengo umene ukukapanikiza, bawuti yomangidwa mopyola muyeso, kachitsulo kena koikidwa chogadama, kapena dzanja limene linakagwira ndi chida chosayenera.

Kuti tiyendere limodzi, ndiyambe ndi kufotokoza zimene zili m'loko. Zonse zimamangidwa pa puleti imodzi yachitsulo. Kunja kwa puletiyo kuli hamala, imene pa mfuti ya mwala imagwira mwala wa flint m'kamwa mwake. Kutsogolo kwake kuli frizzen, chitsulo choima chimene mwalawo umakanda kuti moto uthetheke, ndipo pansi pa frizzen pali kambale ka wonga ndi sipuling'i yake yaing'ono. Mkati, kumbali yoyang'ana mtengo, muli tumbler, imene imazungulira limodzi ndi hamala ndipo ili ndi timphako tiwiri: koyamba, kakuya, ndi kachitetezo, ndipo kachiwiri, kosaya, ndi kowombera. Sipuling'i yaikulu imakankha tumbler, pamene sear, kachitsulo kokhala ndi nsonga ndi mkono, mothandizidwa ndi kasipuling'i kake, imalowetsa nsonga yake m'timphakoto n'kugwira zonse kufikira chowombera, chija chimene chala chimakoka, chitaikankha. Bridle ndi kachitsulo kophimba kamene kamagwira tumbler ndi sear kuti zisapendekeke. Kapangidwe kameneka n'kakale ndithu. Olemba mbiri ambiri amati loko wa mwala wamtunduwu anakhazikika ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, m'manja mwa Marin le Bourgeoys wa ku Lisieux, ndipo ngakhale pamene m'busa wa ku Scotland Alexander Forsyth analembetsa njira yake yoyatsira wonga mwa kumenya mu 1807, imene inatsegulira njira mfuti za kapu (kachipewa kamkuwa kamene kamaphulika hamala ikakamenya), zamkati mwa loko sizinasinthe kwenikweni. Choncho zambiri zimene ndinene pano zikukhudza mitundu yonse iwiri.

Chinthu chimodzi chiyenera kuchitika musanamasule sikuluwu iliyonse. Lowetsani ndodo yotsinderera mumpope, ikani chizindikiro pamene yalekeza, kenako igonekeni kunja kwa mpope kuti muone ngati ikufika kumapeto. Mfuti yagogodela siionetsa ngati ili ndi wonga, ndipo loko wa mwala amatha kuyatsa wonga wamumpope ngakhale kambale kali kopanda kanthu. Komanso malamulo okhudza kupanga, kukonza ndi kusunga mfuti amasiyana dziko ndi dziko, ndiye munthu ayenera kukhala ndi chilolezo chonse chimene dziko lake limafuna asanayambe n'komwe ntchito yotereyi.

Mukatsimikiza zimenezi, tolani zidutswa zonse za kachitsulo kothyokako ndipo musazikhudzitse pamodzi poyesa kuona mmene zinalumikizirana, chifukwa kutero kumafufuta umboni. Tengani galasi lokulitsa zinthu, muyang'ane pankhope pamene pathyokerapo, pamalo owala bwino. Ngati pankhopepo pali posalala, potuwa mofanana ponse, ndipo timibulu take n'tosaoneka ndi maso, ndiye kuti chitsulocho chinali chabwino ndipo chinathyoka chifukwa chouma mopyola kapena chifukwa cholemedwa ndi katundu woposa mphamvu yake. Ngati timibulu take n'tikulutikulu ndi tonyezimira ngati shuga, chitsulocho chinapsa mopyola pamene ankachiumitsa. Mukaona kadontho kakuda kapena kabuluu m'mphepete, pamene kwina konse n'koyera, dziwani kuti panali mng'alu wakale umene unalipo chitsulocho chisanatenthedwe komaliza, ndipo moto unaudetsa mkati. Mukapeza kabowo kapena kamphanga mkati mwenimweni, limenelo ndi vuto la m'chikombole. Maloko ambiri amasiku ano sasulidwa ndi nyundo ngati akale, koma chitsulo chimasungunulidwa n'kuthiridwa m'chikombole choumbidwa mozungulira sera, ndipo nthawi zina mpweya umatsekeredwa mkati. Mwa zinayi zimenezi, ziwiri zomalizazi n'zimene zimakupatsani ufulu wongosintha kachitsuloko osafufuzanso kwina, ngakhale ine ndimafufuzabe.

Sipuling'i yaikulu ndiyo imathyoka kawirikawiri, ndipo imakonda kuthyokera pamene yapindikira kapena pafupi ndi kangowe kamene kamakhala pa tumbler. Choyambitsa chachikulu ndi kachotsedwe kake. Munthu amene akupanga mfuti amamasula loko kambirimbiri, poti amayenera kulowetsa puleti yokha mumtengo, kenako n'kumaonjezera tizitsulo tina kamodzikamodzi, ndipo nthawi iliyonse sipuling'iyo imafunika kupanikizidwa. Pali kavaisi kopangidwira ntchito imeneyi, kokhala ndi mkono wautali umene umagawa mphamvu m'litali monse mwa sipuling'i. Pulayala, makamaka ija yodzitseka yokha, imaluma pamalo amodzi, mano ake amasiya zipsera, ndipo ikateleleka sipuling'i imauluka. Kachitidwe koyenera nkakuti mukokere hamala kumbuyo mpaka pakamphako kowombera, kuti loko mwiniwakeyo apanikize sipuling'i, kenako mumange kavaisi mongokhudza n'kuonjezera pang'ono chabe, mukankhe sear kuti ituluke m'kamphako, mutsitse hamala pang'onopang'ono, ndipo sipuling'i idzatsala m'kavaisi itasiyana kale ndi tumbler. Kuipanikiza kupyola pamene loko amaifikitsa yekha n'kuipempha kuchita zimene sinapangidwire. Kachikhomo kake kolowa m'puleti kamafunika kukagwedeza mofatsa mpaka katatuluka, osati kukazula mokakamiza ndi sikuludiraiva.

Choyambitsa chachiwiri ndi tupa. Ambiri amafuna kupeputsa sipuling'i yolimba kwambiri, kapena kuchotsa mizere imene chikombole chasiya, ndipo palibe cholakwika pamenepo malinga ngati tupa ndi sandipepala zikuyenda motsata utali wa sipuling'i. Chipsera chimodzi chopingasa, ngakhale chikhale chosamveka ndi chikhadabo, chimasanduka poyambira mng'alu, chifukwa nthawi iliyonse sipuling'i ikapindika chipseracho chimatseguka pang'ono. Ndikapatsidwa sipuling'i yothyoka, ndimayang'ana m'mphepete mwa pothyokapo ngati pali mzere wopingasa umene mng'alu unatsata, ndipo nthawi zambiri ndimaupeza. Sipuling'i yatsopano ndimaipukuta motsata utali wake kufikira itanyezimira, n'kusalaza m'makona mwake monse, ndisanaiike n'komwe m'loko.

Choyambitsa chachitatu n'chimene chimabisala kwambiri, ndicho mtengo. Mphako imene loko amalowamo mumtengo imasemedwa mothina mwadala, popeza pamalo amenewa mtengo wa mfuti ndi wopyapyala kale ndipo mmisiri aliyense wosamala safuna kuchotsa woposa wofunikira. Koma sipuling'i yaikulu imayenda, mkono wake wapansi umakwera ndi kutsika, ndipo ngati mbali yake ikukhuza mtengo, imapotoka chammbali m'malo mopindika molunjika. Njira yopezera vutoli ndi yakale ndiponso yosavuta: dutsitsani zamkati mwa loko pamwamba pa lawi la kandulo kuti zidetsedwe ndi mwaye, bwezerani loko m'malo mwake, mangani mabawuti monga mwa nthawi zonse, kokani hamala ndi kuitsitsa kangapo mutaigwira ndi chala, kenako chotsani loko. Paliponse pamene mtengo wada, pamenepo pali kukhudzana. Palani pamenepo pokha, pang'ono, n'kubwerezanso kufikira mwaye utasiya kuoneka paliponse pamene pali chitsulo choyenda. Ndimalimbikitsa kuchitanso zimenezi mtengo utapakidwa kale mafuta omalizira, chifukwa mafutawo amatupitsa mtengo ndi kuunjikana m'makona, ndipo loko amene ankayenda bwino mumtengo wosapaka amatha kuyamba kugwira pambuyo pake.

Ngati mwasankha kupanga nokha sipuling'i, kapena mwalandira yosaumitsa, ntchito yamoto ili ndi magawo awiri ndipo onse ndi ofunika mofanana. Loyamba ndi kuumitsa. Chitsulo cha kaboni wambiri, monga cha mtundu wa 1075 kapena 1095, chimatenthedwa mofanana ponse mpaka chitafiira, ndipo maginito ndi amene amathandiza kudziwa nthawi, poti chitsulo chimasiya kukokedwa ndi maginito pa madigiri a Celsius pafupifupi 770. Mukafika pamenepo mumaonjezera pang'ono chabe, n'kuviika msanga m'mafuta. Kupitirira mpaka chitsulo chitawala mwachikasu n'kumene kumabala timibulu tikulutikulu tija. Chikatuluka m'mafuta chimakhala chouma kotero kuti mukachipinda chimasweka, ndipo musayese ngakhale pang'ono. Gawo lachiwiri ndi kufewetsako, kutanthauza kuchitenthanso pamoto wocheperapo kuti chibweze kuuma kwina n'kulandira kulimba. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa anamva kuti sipuling'i imafuna mtundu wabuluu. Buluu amaoneka pa chitsulo chopukutidwa bwino pa madigiri pafupifupi 300, ndipo kwa sipuling'i yokhuthala ngati yaikulu ya loko, kutentha kumeneku kumakhala kochepa. Amisiri ambiri amaifikitsa pafupi ndi madigiri 370. Akale ankaiika m'kachitini ka mafuta n'kuyatsa mafutawo mpaka atatha, ena ankaimiza mu mtovu wosungunuka, umene umasungunuka pa madigiri 327, n'kuutenthabe pang'ono. Njira zonsezi cholinga chake n'chimodzi, kuti kutentha kulowe mofanana kuyambira kopyapyala mpaka kokhuthala. Sipuling'i imene yafewetsedwa mopyola siithyoka, koma imapindika osabwerera, ndipo imeneyo ikhoza kuumitsidwanso. Yofewetsedwa mosakwanira ilibe mwayi wachiwiri.

Tsopano ndifike pa kuthyoka kumene ndimakuona kukhala koopsa kuposa kwina konse, kwa nsonga ya sear ndi mlomo wa kamphako kachitetezo. Sipuling'i ikathyoka mfuti imangokhala chete, koma nsonga ya sear ikabenthuka, mfuti imatha kulira yokha. Ndipo pano mpamene mfundo yanga imaonekera bwino, chifukwa nsonga ya sear siibenthuka popanda choimenya, ndipo choimenyacho pafupifupi nthawi zonse ndi kamphako kachitetezo. Hamala ikamagwa kuchokera pakamphako kowombera, tumbler imazungulira mwaliwiro ndipo kamphako kachitetezo kamadutsa pansi pa nsonga ya sear. Ngati pa kanthawi kameneko sear yabwerera kale pa tumbler, nsongayo imakodwa m'kamphakoko ndi mphamvu yonse ya sipuling'i yaikulu. Pa mfuti ya chowombera chimodzi, chala cha munthu chimakhala chikukokabe, ndiye sear imakhala patali. Koma mfuti zambiri zazitali za ku Pennsylvania, ndiponso zija zimene abale awiri Jacob ndi Samuel Hawken ankapanga ku St. Louis, zinali ndi zowombera ziwiri, chakumbuyo chotchera ndi chakutsogolo chofyatula, ndipo m'kapangidwe kameneka sear imangomenyedwa kamodzi mwachangu n'kusiyidwa, kasipuling'i kake n'kuibweza nthawi yomweyo.

Chifukwa cha zimenezi, m'tumbler ya loko wotere mumakhala kachitsulo kotchedwa fly, kakang'ono moti kakagwa pansi kamavuta kukapeza. Kamakhala m'kampata kake momasuka. Pokoka hamala, nsonga ya sear imakakankhira kumbali n'kulowa bwino m'kamphako kachitetezo, koma pamene hamala ikugwa, kamatseka pakamwa pa kamphakoko ndipo sear imadumphapo. Ndiye sear ikabenthuka, funso langa loyamba limakhala lakuti, kodi fly alipo? Kachitsulo kameneka kamagwa mosamveka pamene bridle yachotsedwa, ndipo loko amamangika bwinobwino popanda iko. Ngati kalipo, ndimaona ngati sikanaikidwe chotembenuza, ngati sikakumatidwa ndi girisi wouma, ngati bridle sikukapanikiza, komanso ngati nsonga yake ikutulukirako pang'ono kupyola mlomo wa kamphako. Kafupi kwambiri sikaphimba kanthu, pamene katali kwambiri kamagunda sear m'malo moidumphitsa, ndipo hamala imaima panjira. Ndionjezere kuti pa loko wokhala ndi fly simungatsitse hamala kuchokera pakowombera n'kuiimika pachitetezo mwachindunji. Muyenera kuitsitsa kupyola kamphako kachitetezo, kenako n'kuikokeranso kumbuyo mpaka mutamva kuti yalowa. Amene sadziwa zimenezi amasiya sear itatsamira pa fly, akuganiza kuti mfuti ili pachitetezo pamene siili.

Ngati fly ali bwino, kapena loko ndi wa chowombera chimodzi, ndimapita ku zinthu zimene zimalepheretsa sear kuyenda momasuka. Mkono wa sear umalowa m'bowo lobooledwa mumtengo, ndipo nsonga ya mkonowo ikamakhudza pansi pa bowolo kapena m'mbali mwake, sear imalephera kulowa mokwanira m'kamphako. Imagwira ndi kamlomo kokha, ndipo kamlomoko sikangapirire. Mwaye wa kandulo umaulula zimenezi mosavuta. Kenako pali sikuluwu ya sear, imene imadutsa mu bridle ndi mu sear n'kumangika m'puleti. Ikamangidwa kwambiri imafinya sear pakati pa bridle ndi puleti. Pa loko wopangidwa bwino, mazinga a sikuluwuyo amathera pamalo oti imalimba isanafinye kanthu, koma si maloko onse ali choncho, ndipo ndi bwino kuyesa sear ndi chala kasipuling'i kake katachotsedwa: iyenera kugwa yokha ndi kulemera kwake. Chomaliza ndi chowombera chenichenicho. Mpeni wake, umene umakankha mkono wa sear, suyenera kuukankha hamala ili pakamphako kalikonse. Pafunika kampata kakang'ono, komveka ndi chala ngati kugwedera pang'ono. Mmisiri amene akufuna chowombera chopanda kugwedera konse amatha kusiya mpeniwo wautali, ndipo zotsatira zake n'zakuti sear siikhazikika pansi pa kamphako. Chizindikiro chake n'chodziwika: loko amagwira ntchito bwino ali m'manja, koma akalowa mumtengo amayamba kukana.

Chizindikiro chomwechi chimalozanso ku mabawuti amene amadutsa mumtengo kuchokera kumbali ina n'kumangika m'puleti. Puleti ya loko imaoneka yolimba, koma ngati mphako yasemedwa mozama mbali imodzi, bawuti imaikoka n'kuipinda pang'ono, ndipo kupindika kosaoneka ndi maso n'kokwanira kugwira tumbler. Kuti mudziwe, masulani bawuti theka la kuzungulira n'kuyesanso. Loko akamasuka, vuto lili pa mphako, ndipo mankhwala ake ndi kumata kachidutswa ka mtengo pamene pazamapo kuti puleti ikhale ndi potsamira, osati kusiya bawuti yosamanga. Onaninso kutalika kwa mabawutiwo, chifukwa yakumbuyo ikatulukira kunja kwa puleti imakanda mkati mwa hamala n'kuichedwetsa, ndipo hamala yochedwa imapatsa sear mpata wokodwa.

Nsonga ya sear yobenthuka sindiiwotcherera, ndipo sindilangiza wina kutero. Pamalo pamene pakugwira katundu yense pamakhala pochepa kwambiri, ndipo chitsulo chowotcherera sichiuma mofanana ndi chinzake. Sear ndi yosinthitsa. Chimodzimodzinso tumbler imene mlomo wa kamphako kake kachitetezo wachoka. Ndikudziwa kuti alipo amisiri aluso amene amasema kamphako katsopano, koma kwa munthu amene akupanga mfuti yake yoyamba kapena yachiwiri, tumbler yatsopano ndiyo njira yoona. Tizitsulo tiwiriti tikabwera tofewa, timalinganizidwa kaye ndi mwala wonolera, kenako timaumitsidwa n'kufewetsedwako mpaka mtundu wa udzu wouma kapena kupitirirako pang'ono, motsatira malangizo a amene anatipanga, popeza ndi iwo akudziwa mtundu wa chitsulocho. Tikasiyidwa tofewa timadyeka m'kanthawi kochepa, ndipo ngodya ya kamphako kowombera imasintha yokha. Ngodya imeneyi iyenera kukhala yoti sear ikamatuluka, hamala isasunthire kutsogolo. Ikamasunthira kutsogolo, ndiye kuti sipuling'i yaikulu ikuthandiza kukankha sear kuti ituluke, ndipo loko wotero si woyenera kuikidwa pa mfuti.

Khosi la hamala ndi mutu wa tumbler zimathyoka pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kuwombera mopanda kanthu. Mphamvu ya sipuling'i yaikulu inalinganizidwa kuti ithere pa frizzen, ndiye hamala ikagwa frizzen ili yotsegula, kapena m'kamwa mulibe mwala, mphamvu yonseyo imathera paphewa la hamala pamene likugunda puleti, ndipo khosi lake lopindika limalandira nkhonya imene silinapangidwire. Poyesa loko, ikani kachidutswa ka mtengo wolimba m'malo mwa mwala ndipo tsekani frizzen. Pa mfuti ya kapu, kugwetsa hamala pa nipple (kachubu kamene kapu imavekedwapo) yopanda kanthu kumaphwanya nipple, choncho pafunika kachikopa kokhuthala pamenepo. Chachiwiri ndi kalekanitsidwe ka hamala ndi tumbler. Ziwirizi zimagwirana pa mutu wa makona anayi wothina kwambiri, ndipo kuzula hamala mokakamiza ndi sikuludiraiva kumapinda mutuwo ndi kukanda puleti, pamene kumenya pa sikuluwu yomasulidwa pang'ono kumathyolera sikuluwuyo mkati kapena kung'amba mutu wa tumbler, umene uli ndi bowo pakati. Chotsani zonse zamkati, gonekani puleti pa timitengo tiwiri tumbler ikulendewera pakati, ndipo gogodani ndi kachitsulo kamakona anayi kokwana bwino pamutupo. Pomanganso, onetsetsani kuti phewa la hamala ndilo likuimitsa zonse pa puleti. Hamala ikapitirira malire, kangowe ka sipuling'i yaikulu kamatha kuteleleka pa tumbler, ndipo sipuling'iyo imamenya pansi n'kung'amba mtengo wa pansi pa loko.

Frizzen ili ndi vuto lakelake, chifukwa chitsulo chimodzi chikufunsidwa zinthu ziwiri zotsutsana. Nkhope yake iyenera kukhala youma kwambiri, popeza timoto timene timayatsa wonga si tochokera ku mwala ayi, koma ndi tizidutswa ta chitsulo timene mwala wapala, totentha mpaka kuyaka. Koma phazi lake, pamene pali bowo la sikuluwu ndi kachala kotsamira pa sipuling'i, liyenera kupirira kumenyeka nthawi iliyonse frizzen ikatseguka mwamphamvu. Frizzen youmitsidwa yonse mofanana imathyokera pakona pamene nkhope ikumana ndi chivindikiro cha kambale, kapena pabowo la sikuluwu. Njira imene ambiri amatsata ndi yakuti ikaumitsidwa, yonse imaikidwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 190 kwa ola limodzi, kenako phazi lokha limatenthedwa ndi lawi laling'ono mpaka litachita buluu, nkhope itakulungidwa m'nsalu yonyowa kuti kutentha kusakwere. Poyesa, tupa ayenera kuteleleka pankhope osaluma. Timoto tochepa, toyera ndi tosachedwa kuzima timasonyeza kuti nkhope yauma mopyola, pamene mikwingwirima yakuya yopanda moto imasonyeza kuti ndi yofewa. Chimene mukufuna ndi timoto tambiri tofiirira togwera m'kambale n'kumavina mmenemo kwa kanthawi.

Musanaimbe mlandu frizzen, yang'anani mwala. Miyala yakuda ya ku Brandon ku England ndi yachikasu ya ku France yonse imagwira ntchito bwino ikakhala ya msinkhu woyenera loko wanu, yakuthwa, ndiponso yomangidwa zolimba m'kachikopa. Mwala uyenera kukhudza frizzen chakumtunda, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuchokera pansi, n'kutsika ukupala. Ukamagunda molunjika umasweka msanga ndipo umapatsira frizzen nkhonya yonse. Nthawi zina kungotembenuza mwala kuti mbali yake yotsetsereka iyang'ane pansi kumasintha zonse. Sipuling'i ya frizzen nayo ili ndi mbali yake: yolimba kwambiri imadya miyala ndi kuchedwetsa hamala, pamene yofooka imalola frizzen kutseguka n'kubwereranso kudzamenya mwala pamwamba. Ngati frizzen inali ya chitsulo chofewa choumitsidwa pakhungu pokha, khungulo limatha ndi kupalidwa. Ikhoza kuumitsidwanso mwa kuikwirira m'makala a mafupa ndi a mtengo m'kabokosi kachitsulo kotseka n'kuitentha kwa nthawi yaitali kuti kaboni alowe, kapena kuvekedwa nkhope yatsopano ya chitsulo chopyapyala cha kaboni wambiri, monga cha sowo yakale, njira imene imaoneka pa mfuti zambiri zakale zimene zinagwira ntchito zaka zochuluka.

Za masikuluwu othyoka ndi tapu yodulira mazinga yothyokera m'bowo sindinena zambiri. Puleti yochokera m'chikombole imatha kukhala ndi khungu louma, ndiye ndi bwino kuifewetsa kaye, kuboola bowo la muyeso woyenera, kuthira mafuta, ndi kuyendetsa tapu theka la kuzungulira kutsogolo n'kubwerera pang'ono kuti zinyenyeswa zithyoke. Tapu ya chitsulo cha kaboni ikathyokera mkati, ikhoza kuswedwa ndi kachitsulo kosongoka kapena kufewetsedwa ndi moto n'kubooledwa. Sikuludiraiva inoledwe kuti ikwane ndendende m'kamzere ka sikuluwu.

Zonse zikakonzedwa, ndimayesa loko kawiri, koyamba ali m'manja, kenako ali mumtengo mabawuti atamangidwa ndipo chowombera chili m'malo mwake, mpope uli wopanda kanthu ndipo kamtengo kali m'kamwa mwa hamala. Ndimakoka hamala pang'onopang'ono ndikumvetsera, ndipo kulira kwa timphako tiwiri kuyenera kumveka mofanana m'mayeso onse awiri. Kukamveka kofooka mumtengo, pali chimene chikugwira ndipo ndimabwerera ku kandulo. Hamala ili pachitetezo, ndimakoka chowombera ndi mphamvu yapakatikati, ndipo siyenera kugwa. Ili pakowombera, ndimaikankha kutsogolo ndi chala chachikulu, kenako ndimamenya tsinde la mfuti ndi chikhatho, ndipo m'zonsezi iyenera kukhala chilili. Ngati pali zowombera ziwiri, ndimaziyesa zitatcheredwa ndiponso zosatcheredwa, ndikuonetsetsa kuti hamala ikudutsa kamphako kachitetezo osagunda. Pomaliza ndimachotsanso loko, n'kuyang'ana nsonga ya sear ndi milomo ya timphako ndi galasi lija. Kadontho kalikonse konyezimira kumene kunalibe poyamba kamatanthauza kuti zitsulo zikugundana pamalo osayenera, ndipo mfutiyo siilandira wonga kufikira nditapeza chimene chikuchititsa.